Musakwere boti musanagwire life jacket ndi dzanja lanu

Achemwali, mwafunsa za ulendo wa boti wopita ku kachilumba ka Mnemba ku Zanzibar, ndipo ndaona ambiri amene akuyankhani akungoti pitani, ku Mnemba n'kokongola, mukaona ma dolphin, mukajambulitsa. Kukongolako sindikukana. Koma poti mwati mukutenga ana awiri ndipo inuyo kusambira mumangodziwa kwa pamalo poti phazi likugunda pansi, ndiloleni ndilankhule, chifukwa ine mpaka lero ndikamva fungo la petulo wa injini ya boti m'mimba mumanditembenuka.

Ife anatikola ndi mnyamata wina pagombe ku Nungwi, kumpoto kwa Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, pakamwa pozuna, foni yodzaza zithunzi za anthu akumwetulira m'madzi. Anati boti ndi la anthu ochepa, life jacket, jaketi yoyandamitsa munthu m'madzi, aliyense yake, wotiyang'anira m'madzi alipo. Tinapereka dipoziti, lisiti osatipatsa. M'mawa tikufika, iye sakuoneka, foni ikungoitana, wina n'kutilozera boti la munthu amene sitinamuonepo. Apa ndiye mumvetse bwino, anzanga: wogulitsa ulendo si amene amayendetsa boti. Dobadoba amadya yake n'kukuponyani kwa kaputeni aliyense amene ali ndi malo. Zomwe munagwirizana dzulo zija kaputeniyo sakuzidziwa, ndipo alibe nazo ntchito.

Anatipakira ngati matumba a chimanga. Ma life jacket analipo ochepa, oponderezedwa kunsi kwa benchi, onyowa, ena zingwe zoduka. Nditafunsa, kaputeni anangoseka, "hakuna shida mama," kutanthauza kuti palibe vuto, ati madzi amchere amayandamitsa okha munthu. Inde amayandamitsa kuposa madzi opanda mchere, koma munthu amene wachita mantha ndipo wamwa kale madzi sayandama, amangophiriphitha. Ndinalimbana mpaka ndinapeza imodzi, n'kumuveka mwana wanga wamkazi.

Unali mwezi wa Julayi, nyengo ya mphepo imene kumeneko amati kusi, yochokera kummwera chakum'mawa. Kuchoka ku Nungwi boti limazungulira nsonga ya kumpoto kwa chilumba cha Unguja n'kutsikira mbali ya kum'mawa, ndiye mumapita molunjika mphepoyo. Boti limadumpha n'kugwa, phwa, msana kumva kuwawa. Tisanafike n'komwe anthu angapo anali atayamba kale kusanza. Palibe anatiuza kuti kunyamukira ku Matemwe, mudzi wa mbali ya kum'mawayo, n'kufupi kwambiri, Mnemba imaoneka uli pagombe.

Titafika pamakorali, tamoyo tooneka ngati miyala pansi pa nyanja, panali maboti ambirimbiri, ofanana onse, oyera a denga la nsalu. Anatigawira magalasi ndi ma snorkel, timapaipi topumira nkhope ili m'madzi, kuchokera mu ndowa imodzi, wina watulutsa kumene m'kamwa mwake iwe n'kulowetsa. Nsapato za zipsepse zija anandipatsa zazikulu. Palibe anatisonyeza kapumidwe kake, palibe anatchula mbali imene madzi akukokera. Kaputeni anangoti lowani.

Tinalowa, ine ndi mwana, titagwirana dzanja. Kunena zoona, mphindi zoyambazo ndinaiwala zonse. Tinsomba ta mizere yakuda timabwera mpaka pagalasi penipeni. Panali nsomba ina yaikulu yobiriwira, kamwa ngati mlomo wa mbalame, ikukukuta korali, ndipo m'madzimo umamva ndithu kukukutako, kwe kwe kwe. Nsomba zimenezi zimapera korali m'mimba n'kutulutsa mchenga, moti mchenga woyera umene timajambulitsapo wina unadutsa mmenemo. Tinazitsatira, nkhope ili m'madzi. Vuto la snorkel ndi limenelo: maso ali pansi, makutu ali m'madzi, umangomva mpweya wako wokha, ndipo madzi akamakunyamula sudziwa chifukwa nsomba nazo zikuyenda nawe limodzi.

Nditadzutsa mutu, boti lathu panalibe.

Ndinazungulira, kuyang'ana lili lonse. Lija ayi, lija ayi. Kenako ndinaliona patali, nangula atazula, likuthamangira limodzi ndi ena angapo. Wina anali atakuwa kuti ma dolphin aoneka, basi kaputeni n'kuliza injini osawerenga anthu. Mwamuna wanga anali m'botimo chigonere ndi nseru, nkhope atabisa mu thaulo, akuganiza kuti takwera kale kumbuyo.

Pomwepo funde linadzaza kapaipi kaja. Ndinakoka mpweya koma ndinakoka madzi. Achemwali, madzi amchere akalowa pakhosi amaotcha, umatsokomola, ndipo potsokomolapo umamwanso ena. Magalasi anachita nthunzi, ndinawavula kuti ndione, mchere n'kundilowa m'maso. Nsapato imodzi inavuka n'kumira, ndinaiona ikupita pansi ikuzungulira. Mnofu wa katumba unakokana, mwendo n'kuuma gwa. Ndinagwira lamba wa life jacket ya mwana, koma poti chomangira cha pakati chinali chothyoka, jaketiyo inangokwera mpaka kumakutu kwake, chibwano chake n'kumalowa m'madzi. Ndinazindikira kuti ndikumumiza mwana wanga ndi dzanja langa lomwe. Ndinamusiya. Iye akulira, amayi, amayi, akufuna kundigwira m'khosi, ine ndikumukankha kuti atalikire. Mchenga wa chilumba unkaoneka pafupi, woyera mbee, koma ndikamapalasa unkangotalikira. Ndinayesa kukuwa, mawu osatuluka. Musamaganize kuti munthu womira amakuwa n'kumakupiza manja. Kamwa ikangotuluka pamwamba imasaka mpweya basi, ndiye amene ali m'boti amangoona mutu ukutuluka ndi kulowa, amayesa ukusewera. Boti lina linadutsa pafupi moti ndinamva injini ikunjenjemera m'chifuwa, ndipo apo ndinaopa chopalasira chake kuposa kumira.

Anatipulumutsa ndi mnyamata wa boti lina, wowonda, wa kabudula wong'ambika, amene ankakoka alendo ake ndi tayala lofiira loyandama lomangidwa chingwe. Anawasiya, n'kusambira kudzatipeza. Anandikankhira tayala pachifuwa, n'kundisonyeza ndi dzanja kuti ndigone chagada. Mwana anamugwira pa lamba wa kumsana. Anatikweza m'boti lawo, ine n'kukhala pakati pa anthu achilendo ndikusanza madzi amchere pamapazi pawo, mayi wina atandifunditsa thaulo lake. Manja ankanjenjemera moti botolo la madzi ndinkalephera kutsegula.

Tsono mumve za kaputeni wathu. Anabwerera patapita nthawi, akuseka. Ati ndife tinapita patali tokha. Ati akanabwera ndithu, sanatayepo munthu. Sanatayepo munthu! Munthu wamkulu, ndevu zili mbuu, wanyamula miyoyo ya anthu, osatha kuwerenga mitu asanazule nangula? Kupepesa ayi. Anangofunsa za nsapato yomira ija, kuti tilipira bwanji. Mwamuna wanga, amene sakonda mkangano, tsiku limenelo anaimirira m'boti mpaka anthu anachita kumukhazika pansi. Ndipo ma dolphin amene anatisiyirawo, amene anapita anati anangoona zipsepse kawiri. Maboti amawazinga mbali zonse, injini zili phokoso, anthu n'kumadumphira pamwamba pawo, iwo n'kumira kuthawa. Zina mwa nyamazo zimakhala ndi ana oyamwa, zina zikupuma. Ku Kizimkazi, kummwera kwa Unguja, kumene ulendo wa ma dolphin unatchukira, nkhani yake ndi yomweyo. Ine zimenezi sindizitcha kuona nyama, n'kuzizunza.

Sizinathere pomwepo. Pobwerera anati nyanja yakwiya, atitsitsa mbali ya Matemwe, galimoto ikatipeza kumeneko. Madzi anali ataphwa. Mbali ya kum'mawa ija madzi akaphwa amathawa kutali zedi, boti silifika pagombe, mumatsikira m'madzi ofika m'mawondo n'kuyenda pamiyala. Mwamuna wanga, wopanda nsapato, anaponda kanthu kakuda kaminga kaja, urchin. Minga yake imathyokera m'kati mwa phazi, ukati uzule imangofumbutuka. Amayi olima ndere za m'nyanja amene tinawapeza pagombe ndi amene anatithandiza, anamupaka utomoni wa papaya wosapsa, ndipo usiku tinaviika phazilo m'madzi otentha ndithu, ululu n'kutsika. Galimoto yolonjezedwa ija mpaka lero ikubwera. Tinalipira takisi tokha.

Ndiye malangizo anga. Musagule ulendo kwa anyamata a pagombe. Ngakhale kuti, kunena chilungamo, amene anatipulumutsa uja analinso wa pagombe pomwepo, ndipo mahotela ena amangokulipiritsani kawiri n'kukutumizani ku maboti omwewo. Choncho mwina nkhani si ya kumene mwagula. Pitani dzulo lake mukaone boti lenilenilo ndi kaputeni weniweniyo. Ma life jacket muwagwire, mumange zomangira zonse, makamaka a ana, chifukwa jaketi ya munthu wamkulu pa mwana imavuka. Ngati mungathe gulani anuanu a ana musananyamuke. Mufunse kuti ndani alowe nanu m'madzi ndi tayala. Akati aliyense adziyang'anire yekha, tsikani. Mmodzi wa inu akuluakulu atsale m'boti, ntchito yake ikhale kuyang'ana mitu ya ana basi, osati foni. Ndipo boti lanu muliikire chizindikiro, kaya nsalu yowala mumange pa denga, chifukwa uli m'madzi onse amafanana.

Snorkel muyambe kuyesera pamalo osaya, ana ataimirira. Magalasi muwakanikize pankhope osamanga lamba, mukoke mpweya ndi mphuno. Akakakamira ndiye kuti akukwanani, akagwa pemphani ena. Kulavulira m'kati mwa galasi n'kutsukuluza kumachepetsa nthunzi, musanyansidwe. Madzi akalowa mu kapaipi, uzirani mwamphamvu kamodzi, amatuluka. Muzidzutsa mutu pafupipafupi kuona boti. Madzi akayamba kukukokani musalimbane nawo molunjika, mungotopa. Gonani chagada, kwezani dzanja limodzi. Pa korali musapondepo, imacheka ndipo bala lake limachedwa kupola, komanso ndi chamoyo, imafa. Nyenyezi za m'nyanja zofiira zija zimene anthu amanyamula pojambulitsa, zisiyeni m'madzi momwemo.

Mankhwala a nseru mumwe musanakwere, osati mutayamba kale kusanza. Muyang'ane patali pamene nyanja yakumana ndi thambo, osati pansi pa boti. Ana avale malaya posambira. Khungu lakuda nalo limapsa, mwana wanga msana ndi kuseri kwa miyendo kunasupuka. Nsapato za pulasitiki zolowa nazo m'madzi musaziiwale. Mufunsenso nthawi ya madzi: amadzadza ndi kuphwa kawiri patsiku, nthawiyo imasuntha pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kusiyana kwake kumakula. M'mawa kwambiri nyanja imakhala yabata kuposa masana. Marichi mpaka Meyi ndi mvula yaikulu, madzi saoneka bwino. Inshuwalansi imene anayamba kulipiritsa alendo olowa ku Zanzibar mu Okutobala 2024 isakupusitseni, pepala silivuula munthu m'madzi.

Mudziwenso kuti pa Mnemba penipeni simutsika. Chilumbacho chili m'manja mwa eni hotela, inu mumathera m'madzi ndi m'boti, ndiye mwana akatopa palibe pokamukhazika pamthunzi. Ndi ana awiri ine ndikanati yambani ndi Changuu, chimene ambiri amati Prison Island, pafupifupi theka la ola pa boti kuchoka ku Stone Town, tauni yakale ya Zanzibar. Kumeneko mumaponda nthaka. Kuli akamba akuluakulu a mtundu wa Aldabra, amene oyamba ake anachokera ku Seychelles mu 1919 ngati mphatso, ena akale kuposa agogo athu. Ndende imene inamangidwa mu 1893 siinasungepo akaidi, inasanduka malo osungirako anthu oganiziridwa matenda opatsirana ochokera m'sitima. Ana amasangalala, bola asakwere pamsana pa akambawo. Ambiri amaphatikiza ndi Nakupenda, kamchenga kamene kamatuluka madzi akaphwa n'kumiranso akadzadza. Mtengo palibe ngakhale umodzi, mthunzi ndi wa nsalu imene abwera nayo a boti. Ngati thumba likulola, chilumba cha Chumbe ndi malo otetezedwa kuyambira 1994, amalandira anthu owerengeka patsiku ndipo amalowa nanu m'madzi anthu odziwa ntchito.

Koma mukandifunsa kumene ndinaona nsomba zokongola kwambiri, ndi ku Mnemba komweko, ndiye sindingakuuzeni kuti musapite. Mwana wanga amene ankalira uja ndi amene pano akuvutitsa kuti tibwerere. Pitani, koma munyamukire ku Matemwe, m'mamawa, ndipo ndalama yotsala mupereke mapazi anu onse ataponda mchenga wouma. Akadzayamba kuzungulira ndi chipewa kupempha ya pamwamba, mupatse mnyamata amene analowa nanu m'madzi, m'manja mwake, kaputeni akuona.