Mukuti zimbale zakale za hip-hop n'zouma?

Wowerenga wina amene akuphunzira kupanga mabiti pa kompyuta watumiza imelo. Akufunsa zimbale za hip-hop yakale zoti ayambe kumvera, koma wawonjezera mawu amene andikhudza: akuti zomwe wayesapo n'zouma, ng'oma ndi kukuwa basi.

Achimwene, kuumako anthu anachita kukufuna. Hip-hop sinabadwire m'situdiyo. Pa 11 Ogasiti 1973, DJ Kool Herc, mnyamata wobadwira ku Jamaica, anaseweretsa mbale za nyimbo paphwando ku 1520 Sedgwick Avenue ku Bronx, mu mzinda wa New York. Iye anaona kuti ovina amatenthedwa kwambiri pamene woimba wakhala chete n'kusiya ng'oma zokha, gawo lomwe amalitcha break. Ankatenga mbale ziwiri za nyimbo imodzi, kuziika pa ma turntable (makina ozungulitsa mbale) awiri, gawolo likatha uku n'kuliyambitsanso uko. Kwa zaka 6 nyimbozi zinkangoyenda m'maphwando ndi pa makaseti. Pamene Sugarhill Gang inatulutsa "Rapper's Delight" mu 1979, DJ anamuika pambali, bandi ya m'situdiyo n'kuimbanso nyimbo ya Chic yotchedwa "Good Times" kwa mphindi pafupifupi 15. Zimbale zoyambirira za kampani ya Sugar Hill, yomwe inatulutsa nyimboyi, ankazidzazitsa ndi nyimbo zachikondi za soul. Musayambire pamenepo. Za nthawi imeneyo mverani nyimbo zoima pazokha, "The Message" ndi "Planet Rock", zonse za 1982.

Chimbale choyamba chimene ndingachiikire kumbuyo popanda kukayika ndi Run-D.M.C. cha 1984. Amene anachipanga, Larry Smith ndi Russell Simmons, anabweza phokoso la m'maphwando lija. Mu "Sucker M.C.'s" mulibe besi kapena kiyibodi, muli makina a ng'oma a Oberheim DMX, kukanda mbale pang'ono, ndi mawu a anthu awiri. Chinali chimbale choyamba cha rap kufika pa gold, kutanthauza makope 500,000. Chaka chotsatira kampani ya Def Jam inatulutsa Radio ya LL Cool J, ndipo pachikuto analemba kuti Rick Rubin, wopanga mabiti ake, anachita kuchepetsa nyimbozo, osati kuzipanga. Mpata umene uli pakati pa kick (ng'oma ya mawu aakulu) ndi snare (ng'oma yolira mothetheka) ndiwo malo a rapa. Opanga mabiti ambiri lero amaunjika mapiyano, mapadi (mawu a kiyibodi otalika) ndi 808 (besi ya makina) yaitali, kenako n'kumadabwa kuti mawu akumira. Amakweza mawuwo, nyimbo n'kuyamba kung'ambika m'masipika. Vuto si volyumu. Zida zambiri zikulimbirana malo amodzi ndi mawu a munthu, ndipo mankhwala ake n'kuchotsako zina.

Za kukuwa, inde, Run ndi DMC, marapa awiri a Run-D.M.C., ankakuwa, chifukwa anazolowera kugonjetsa phokoso la gulu. Ndiye mverani Paid in Full ya Eric B. & Rakim ya 1987. Rakim sakuwa ngakhale pamodzi. Amaika mawu omveka mofanana pakati pa mzere, osati kumapeto kokha, ndipo ganizo amalidutsitsa mpaka mzere wotsatira. Aliyense worapa m'Chichewa ayenera kumumvetsera munthu ameneyu. Mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu, ndipo aneni ambiri amathera ndi -a, choncho kufananitsa "kudya" ndi "kupita" si luso ayi. Khutu la Mchewa limatsamira pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Fananitsani maphatikizo awiri, monga "mtima" ndi "nsima", ndipo muwabise pakati pa mzere.

Makina nawo anaumba nyimbozi. E-mu SP-1200, yomwe inatuluka mu 1987, inkasunga masekondi 10 okha a sample (phokoso lojambulidwa kuchokera mu nyimbo ina), kachidutswa kalikonse kosapitirira masekondi 2.5. Pofuna kupezerapo nthawi, anyamata ankazunguliza mbale yoyenera kuzungulira ka 33 pa mphindi pa liwiro la ka 45, kujambula, kenako n'kutsitsa mamvekedwe m'makinamo. Kukhakhala kumene anthu amakugula lero ngati plugin (kapulogalamu kowonjezera pa kompyuta) kunachokera mu umphawi wa masekondi umenewo. Pofika 1988, gulu la opanga mabiti la Bomb Squad linkasanjikiza tizidutswa tambirimbiri mu It Takes a Nation of Millions to Hold Us Back ya Public Enemy. Amene angatche chimbale chimenecho chouma sanachimvere. Njirayi inatsekeka mu 1991 pamene khoti linagamula mlandu wa rapa Biz Markie mokomera woimba Gilbert O'Sullivan, yemwe nyimbo yake anaitengapo sample popanda chilolezo, ndipo kuyambira pamenepo sample iliyonse inafunika chilolezo ndi ndalama. Nkhani za zilolezo ndi makontrakiti zinachititsa kuti 3 Feet High and Rising ya De La Soul ya 1989 isapezeke pa Spotify mpaka Malichi 2023.

Poyambira

Tsatani zaka: Run-D.M.C., Radio, Paid in Full, Criminal Minded ya Boogie Down Productions ya 1987 kuti mumve momwe dancehall ya ku Jamaica inalowera mu hip-hop, Lyte as a Rock ya MC Lyte ya 1988, kenako Public Enemy. Musamvere pa sipika ya foni, imadya kick yonse. Sankhani nyimbo imodzi, werengani zida zomwe zikumveka, ndipo muipangenso pa kompyuta yanu ndi matiraki osapitirira anayi.