Mafunso pa chiyankhulo: "banja lopeza" ndi agogo "oyendayenda"

Wowerenga wina walemba kuti: "Ndamaliza buku la nthano yaitali la m'Chingerezi. Mayi wamasiye wa zaka 72 akugulitsa nyumba, kugula galimoto yakale n'kuyamba ulendo wopanda kofikira. M'njira akutenga bambo wina wopuma pantchito ndi mtsikana wopanda kwawo, ndipo pomatha pa buku atatuwa ndi amodzi. Ndikufuna kufotokozera anzanga m'Chichewa. Kodi ndinganene kuti ndi nthano ya banja lopeza?"

Ayi ndithu, musatero. Mawu oti "wopeza" ali kale ndi ntchito yake pa nkhani za chibale. Mwana wopeza ndi amene mwamuna kapena mkazi anampeza atabadwa kale polowa m'banja, ndipo mwanayo amatchula "bambo ondipeza" kapena "mayi ondipeza". Mukati "banja lopeza", anzanuwo ayembekezera nkhani ya ana ozunzika m'manja mwa mayi wowapeza, pomwe buku lanu ndi lokoma mtima.

Msampha wachiwiri uli pa "banja" penipenipo. Liwuli limanena za mwamuna, mkazi ndi ana, komanso limatanthauza ukwati: "ali pabanja", "banja latha", "akufuna banja". Ndiye mukanena kuti mayi uja "anapeza banja paulendo", aliyense amva kuti anakwatiwa ndi bambo wopuma pantchito uja. Mwina n'zimene owerenga ena akanakonda, koma si zimene mwandiuza.

Liwu lomwe mukulifuna ndi chibale kapena ubale. Ndipo musavutike kusema dzina latsopano, mneni akugwirirani ntchito. Yesani izi: "Anthu atatu osadziwana anatolana m'njira mpaka anasanduka abale." Ine "anatolana" ndimamukonda, chifukwa kachidutswa ka -an- kakuonetsa kuti palibe amene anachitira mnzake chifundo yekha, aliyense anatola, aliyense anatoledwa. Mungawonjezere kuti "si a magazi amodzi, koma ukawaona ungati ndi a bere limodzi". Mtsikana uja akangosiya kunena "mayi inu" n'kuyamba "agogo", ndipo mayiyo n'kuyankha kuti "mdzukulu wanga", womvera wadziwa kale kuti chibale chamera. Mwambi woti "chibale ndi fupa, sichiola" umakamba za chibale chobadwa nacho, choncho muugwiritse mosamala. Woyenera apa ndi "mwana wa mnzako ngwako yemwe".

Funso lake lachiwiri: "Kodi awiri aakuluwo ndiwatche nkhalamba?"

Liwuli ndi Chichewa chabwinobwino, koma tamverani mmene limagwirizanira ndi mawu ena: "nkhalamba ija yafika", "nkhalamba ziwiri zakwera galimoto". Ya- ndi za- ameneyu ndi yemwe timamupatsa mbuzi ndi nyumba, n'chifukwa chake limamveka lowuma mukamanena za munthu amene mukumukonda. "Kankhalamba" ndiye chipongwe chenicheni. Anthu oti akuyendetsa okha galimoto tsiku lonse, kusintha tayala pamsewu, akuyenera "achikulire" kapena "anthu achikulire". "Okalamba" alibe mwano, koma amabweretsa chithunzi cha ndodo ndi kufooka. Mukafuna kukometsa, "amvulazakale" alipo.

Pomaliza wafunsa ngati mayiyo angatchedwe "mayi woyendayenda", poti sakhala malo amodzi.

Apa ndiye ndaseka ndekha. Galimoto itha kuyendayenda, wamalonda atha kuyendayenda ndi katundu wake, koma "mayi woyendayenda" ndi mawu ozembetsa otchulira mkazi wachiwerewere. Agogo athu a zaka 72 tisawalakwire chotero. Nenani kuti ndi "wokonda maulendo", kapena kuti "moyo wake unasanduka wa pamsewu", ngakhale awanso samalani nawo, pakuti "ana a mumsewu" ndi nkhani ina yachisoni. Chosavuta n'chakuti "ali paulendo".

Musasokonezenso wapaulendo ndi mlendo. Mawu onsewa ndi apachibale, koma amayang'ana mbali zosiyana: wapaulendo timamuona akudutsa, mlendo timamuona atafika pakhomo pathu. Mayi uja ali pachiwongolero ndi wapaulendo. Akaima madzulo n'kugogoda pakhomo pa eni ake kupempha malo ogona, wasanduka mlendo, ndipo mmawa akamatsazika, eni nyumba anena kuti mlendo ndi mame.