Ana akhoza bwino MSCE, aphunzitsi muwathokoze bwanji?

A hedi, mwati zotsatira za MSCE pa CDSS yanu zatuluka bwino kuposa zaka zam'mbuyomu, aphunzitsi akufuna kachikondwerero, koma a komiti akuti kumeneko n'kuwononga ndalama zogulira choko. Ine ndikuti chitanipo kanthu, ndipo musadikire kuti teremu ithe. MANEB ikangotulutsa zotsatira, mitima imakhala idakali yotentha. Pakapita miyezi iwiri aliyense amakhala wabwerera kolemba masikimu a zophunzitsa ndi kuchonga, ndipo zikomo wanu adzamveka ngati mwambo chabe.

A komitiwo sakulakwa kudandaula za ndalama. Kuchokera pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chidakwera, ndipo sukulu za CDSS n'kale lomwe zimayendera movutikira, zambiri zopanda labu, buku limodzi ana angapo. Koma n'chifukwa chake kukhoza kwa anawo kuli nkhani yaikulu. Alipo amene adabwera Loweruka osalipidwa, alipo amene adakopera mafunso a zaka zam'mbuyo pa bolodi mpaka dzanja kuwawa chifukwa pepala losindikizira kudalibe. Mukangokhala chete, anthu amenewa amva kuti kudzipereka ndi kungofika n'kusayina m'buku n'chimodzimodzi. Chaka chamawa musadzadabwe Loweruka likadzakhala la kumunda.

Makolo athu ankadziwa zimenezi. Pa dima, mwini munda sankalipira olima, koma thobwa kapena mowa unkakhala utafululidwa kale, ndipo anthu ankamwa limodzi ntchito ikatha. Wosafulula, chaka chinacho ankalima yekha.

Chomwe ndingakuchenjezeni kwambiri ndi ichi: musapange phwando la aphunzitsi a Fomu 4 okha. Apa ndi pamene masukulu ambiri amaphonya, ndipo mmalo mogwirizanitsa anthu amadzala nsanje mu stafu rumu. Mwana amene wapeza mapointi abwino adayamba kuumbidwa ku Fomu 1 ndi mphunzitsi amene adamuphunzitsa kulemba chiganizo cholongosoka cha Chingerezi, phunziro loti ukalilephera satifiketi palibe. Mlonda amene ankatsegula kalasi m'bandakucha kuti ana awerenge naye akhalepo. Amayi a mother group amene adatsatira mtsikana kwawo atasiya sukulu, n'kumubweza, aitanidwe. Tonse timakumbukira chigoli cha Gabadinho Mhango pa Morocco ku Cameroon mu 2022, koma Flames idafika pamenepo chifukwanso cha anyamata akumbuyo amene adatsekereza Senegal 0-0.

Ndipo pothokoza, tchulani dzina ndi chimene munthuyo adachita. "Tikuthokoza nonse chifukwa cha khama lanu" ndi mawu oti aliyense amaombera m'manja n'kuiwala asanafike pageti. Koma mukaimirira pa asembule, ana ndi makolo ali pompo, n'kunena kuti madamu awa adaphunzitsa Biology makalasi anayi okha mnzawo atasamutsidwa, mayiyo adzazikumbukira mpaka kupuma ntchito. Lembaninso kalata yoyamikira, yodindidwa chidindo cha sukulu, ina ipite mu faelo yake, ina ku ofesi ya divishoni. Imeneyo sidya ndalama, koma ingamuthandize tsiku lofunsira kukwezedwa.

Za chakudya musazikulitse. Mpunga, nkhuku zingapo, kireti ya zakumwa, pansi pa mtengo wa pasukulu pomwepo. Makolo ambiri amene ana awo akhoza amabwera okha ndi nkhuku kapena thumba la mtedza mukangowauza bwino pa msonkhano wa PTA. Chokhacho, musakakamize ana kusonkha, ndipo musadule ndalama kwa aphunzitsi omwe mukuwathokozawo. Munthu sagula yekha zikomo wake.

China, ngati pali amene sukulu ili nawo ngongole, kaya mlonda sadalandire miyezi ingapo, kaya aphunzitsi ongothandizira akudikirabe kangachepe kawo, yambani mwakonza zimenezo kapena auzeni tsiku lenileni lolandira. Kudyetsa munthu nkhuku ali ndi ngongole ya lendi yomwe mwamuchititsa ndinu kumawawa kuposa kusamuitana n'komwe.

Kwa a komiti, pitani ndi pepala la zotsatira za zaka zitatu zapitazi ndi ndalama yeniyeni imene mukupempha. Apempheni a tcheyamani kuti ndiwo adzapereke makalatawo m'manja mwa aphunzitsi.