Hotela ija sikulipiridwa ndi council tax yanu, achemwali

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndisanayambe kulemba. Mwati khonsolo yanu kuno ku UK yakwezanso council tax (msonkho wa nyumba umene timalipira ku khonsolo), yatseka laibulale imene mwana wanu ankapitako, koma ndalama zosungira anthu opempha asylum (chitetezo cha othawa kwawo) mu hotela ya m'tauni mwanu zilipo ndithu, pamene inu mukuchezera usiku ku care home ndipo pa viza yanu analembapo kuti thandizo la boma musaliyandikire. Ndiye mukufunsa ngati thukuta lanu ndi limene likudyetsa anthu amenewo.

Kuwawa kwa mtima ndikukumva. Inenso kalata ya council tax imandipeza mwezi wa Marichi ndipo sindiitsegula ndi chimwemwe. Koma kwa zaka zingapo tsopano, Lachinayi lililonse ndimathandiza ku holo ya tchalitchi chathu kumene anthu a asylum amabwera kudzamwa tiyi ndi kudzawerengetsa makalata awo, choncho za ndalama zimenezi ndazitsata pang'ono.

Hotela ija khonsolo siilipira. Amalipira ndi a Home Office, unduna wa za m'dziko wa boma lalikulu la ku London, potsata lamulo la 1999 lotchedwa Immigration and Asylum Act. Kuyambira 2019 ntchito yopezera anthuwa pogona anaipereka kwa makampani atatu, Serco, Mears ndi Clearsprings Ready Homes. Iwowa ndiwo amachita lendi nyumba ndi mahotela, ndipo nthawi zambiri khonsolo imangouzidwa zinthu zitapangana kale. Makhonsolo ena mpaka anapita kukhothi kukana. Mu Ogasiti 2025 khonsolo ya Epping Forest inapeza chiletso choti anthu achoke mu Bell Hotel, koma patangopita masiku khumi khothi la apilo linachichotsa. Khonsolo ikanakhala kuti ndiyo mwini nkhani, ikanavutikiranji kukasuma?

Ndalama ya m'thumba imachokeranso ku Home Office, pa kakhadi kotchedwa ASPEN. Kuyambira Januwale 2024 munthu wokhala m'nyumba yodziphikira yekha amalandira £49.18 pa sabata, ya chakudya, sopo, basi, foni, zonse. Wa mu hotela mmene amawapatsa chakudya salandira ndi £10 yomwe pa sabata. Ntchito saloledwa. Akadikira miyezi 12 osayankhidwa angathe kupempha chilolezo, koma cha ntchito zochepa zokha zimene boma linaika pa mndandanda wake. Anyamata amene mumawaona atangokhala pa khonde la hotela masana onse aja, ambiri ndawamva ndi makutu anga akupempha ngakhale ganyu yosesa.

Sindikunena kuti khonsolo siitulutsa kalikonse ayi. Imatulutsa, ndipo apa m'pamene pali nkhani yeniyeni.

Choyamba ndi ana amene amafika okha, opanda mayi kapena bambo. Mwana wotere lamulo silimuika m'manja mwa Home Office. Children Act ya 1989 imati ndi mwana wa khonsolo ya kumene wapezekako, chimodzimodzi mwana wa mzungu amene makolo ake alephera kumusamala. Amafuna social worker, banja lomulera kapena nyumba yoyang'aniridwa, sukulu, womasulira. Akakwanitsa zaka 18 sanganenedwe kuti basi zake, khonsolo imayendabe naye mpaka 21, nthawi zina mpaka 25. Home Office imabweza ndalama pa mwana aliyense, koma makhonsolo akhala akudandaula kwa zaka kuti sizikwana, makamaka akadutsa 18 pamene ndalamayo imatsika kwambiri. Yotsalayo imachoka mu bajeti ya ana ya khonsolo. Ku Kent, kumene kuli Dover ndipo maboti amafikira, khonsolo inanena mu 2020 ndi mu 2021 kuti yadzaza, singathe kulandira ana ena. Ana anayamba kuikidwa m'mahotela okha, ena anasowa osapezekanso, mpaka mu Julayi 2023 khothi lalikulu linagamula kuti mchitidwe umenewo ndi wosemphana ndi lamulo. Ndondomeko yogawana anawa pakati pa makhonsolo inayamba mu 2016 mwakufuna kwa khonsolo, koma ambiri ankazemba, ndiye kumapeto kwa 2021 boma linailamula kuti ikhale yokakamiza. Ine apa sindibisa maganizo anga. Ndinakhalapo ndi mnyamata wina wa zaka 16 wochokera ku Sudan, titakhala pa benchi ya m'holo muja, akundionetsa mmene amalembera dzina lake m'Chingerezi koyamba. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati pa ndalama imene ndimalipira pali kachigawo kamene kakupita kwa mwana ngati ameneyo, ine sindidandaula nako.

Chachiwiri, chimene anthu ambiri sachidziwa, ndi tsiku limene mapepala atuluka. Ife timaganiza kuti munthu akapatsidwa chilolezo chokhala ndiye kuti mavuto atha. Kumeneko ndiye kuyamba. Home Office imamupatsa masiku owerengeka kuti atuluke m'chipinda chija, ndipo khadi ya ASPEN imatsekedwa. Mu Disembala 2024 anayesako kuwonjezera masikuwo kuchoka pa 28 kufika 56, koma mu Seputembala 2025 anawabwezera pa 28 kwa akuluakulu ambiri amene alibe ana. Tsono taganizani, munthu amene kwa zaka ziwiri ankaletsedwa kugwira ntchito, alibe payslip, alibe dipoziti, alibe womuimira kwa landilodi, ndipo thandizo la boma la Universal Credit limatenga pafupifupi milungu isanu kuti ndalama yoyamba ibwere. Apita kuti? Amapita ku ofesi ya nyumba ya khonsolo ngati munthu wopanda pokhala, ndipo khonsolo ili ndi udindo wa lamulo womuthandiza. Ngati ali ndi ana iyenera kumupezera pogona. Ngati ali yekha ndipo ndi wathanzi, kuno ku England nthawi zambiri amangopatsidwa malangizo ndi mndandanda wa manambala a foni.

Chaka china m'nyengo yozizira ndinaperekeza bambo wina wa ku Eritrea ku ofesi yotereyi, kalata ya mapepala ili m'manja, katundu yense ali m'matumba awiri akuda a zinyalala. Tinakhala pa mpando kuyambira m'mawa mpaka kudutsa 3 koloko. Mtsikana amene anatilandira anali waulemu, koma anatiuza poyera kuti chipinda palibe. Usiku umenewo bamboyo anagona pa sofa ya m'busa. Izi zinachitika nthawi imene boma linkathamangitsa milandu yakale kumapeto kwa 2023, anthu masauzande akulandira mapepala nthawi imodzi, onse n'kugwera pa khomo la makhonsolo. Glasgow, mzinda wa ku Scotland umene wakhala ukulandira anthu a asylum ochuluka kuposa ina yonse kwa zaka zoposa 20, inalengeza mu Novembala 2023 kuti nkhani ya nyumba yafika pa ngozi. Ku Scotland lamulo limati aliyense wosowa pokhala mosachita kufuna ayenera kupezeredwa malo, kaya ali ndi ana kaya alibe, ndiye mtolo wawo ndi wolemera kuposa wa kuno.

Palinso odwala ndi olumala ofunika chisamaliro pansi pa Care Act ya 2014, malo a sukulu, ndi zina zing'onozing'ono. Zimenezo ndizidutsa.

Nanga boma limapereka zingati ku khonsolo pa mtolo wonsewu? Kwa zaka zambiri, pa anthu akuluakulu a asylum, silinkapereka kanthu kogwirika. Mu 2022 linayamba kupereka £3,500 pa bedi latsopano lililonse limene lapezeka m'deralo, ndipo mu 2023 linapereka £750 kamodzi pa munthu aliyense. Tsopano yerekezani ndi anthu a ku Ukraine: mu 2022 khonsolo inkalandira £10,500 pa munthu mmodzi. Pa anthu a ku Afghanistan obwera kudzera mu ndondomeko ya boma, £20,520 pa zaka zitatu. Ndi ndalama zimenezo makhonsolo analemba antchito, anatsegula makalasi a Chingerezi, anthu anapeza ntchito msanga. Sindichitira nsanje a ku Ukraine, anayenera kulandiridwa motero. Ndikungonena kuti boma likudziwa bwino mtengo wolandirira munthu moyenera, ndipo pa anthu a asylum linasankha kusalipira mtengowo.

Pali mfundo imodzi imene odandaula akunena zoona. Makampani aja amafuna nyumba zotchipa, ndiye anthu amaunjikidwa m'matauni osauka a kumpoto kwa England ndi ku Midlands, kumene dokotala wa m'dera (GP) ndi wovuta kale kumupeza. Mpaka 2022 khonsolo inkatha kukana kulandira nawo, ndipo madera olemera ambiri ankakanadi. Ngati tauni yanu ili m'gulu la osenzetsedwa, kudandaula kwanu kuli ndi maziko. Koma amene anasankha tauni yanu si mayi wa ku Congo uja mumakumana naye pa basi. Iye amangokwezedwa galimoto n'kuuzidwa kuti tsika apa.

Za laibulale ndi council tax, gwero lake ndi lina. Ndalama zochokera ku boma lalikulu kupita ku makhonsolo zinadulidwa kwambiri kuyambira 2010, pamene mtengo wosamalira okalamba ndi ana ukukwera chaka ndi chaka. Gawo lalikulu la bajeti limathera kumeneko, kuphatikizapo ku ma care home ngati imene mukugwirako inuyo. Birmingham italengeza mu Seputembala 2023 kuti ndalama zatha, chinaigwetsa ndi ngongole ya malipiro a amayi amene ankalipidwa mochepa kuposa amuna, yofika mpaka £760 miliyoni, ndi makina a kompyuta amene analephera kugwira ntchito. Thurrock ndi Woking zinagwa ndi ndalama zobwereka zimene anaziika mu mabizinesi osayenda. Palibe mwa izi munalowa munthu wa asylum.

Ngati mukufuna chokwiyira, ine changa ndi ichi. Mu 2023 mahotela ankadya pafupifupi £8 miliyoni pa tsiku, chifukwa milandu inkachedwa kugamulidwa, anthu n'kumakhala zaka akudikira. Ndipo gawo lalikulu la ndalamazo boma linaliwerengera ku thumba la thandizo la maiko akunja. Chaka chimenecho £4.3 biliyoni, kuposa kota ya thumba lonse, inathera mkati mwa UK momwemuno. Limeneli ndi thumba lomwe lija limathandiza zipatala ndi masukulu m'maiko ngati kwathu. Ine ndinakulira ku Ntcheu, m'mbali mwa msewu umene tsidya lake ndi Mozambique. Ndili mwana, m'zaka za m'ma 1980, anthu othawa nkhondo anadzaza midzi yathu, dziko lonse linasunga pafupifupi miliyoni, ndipo agogo anga anagawirako banja lina kamunda. Lero ku Dzaleka, ku Dowa, kuli anthu opitirira 50,000 pa malo amene anakonzera pafupifupi 10,000, ndipo chakudya chawo chimadulidwa kawirikawiri. Ndikamva kuti ndalama za thandizo zathera kwa eni mahotela, ndimaganiza za kumeneko.

Ndipo achemwali, pali china chokhudza inuyo mwachindunji. Tonse taona abale athu amene kampani yawo inalandidwa laisensi ya sponsorship yolembera ntchito anthu ochokera kunja, ntchito n'kutha tsiku limodzi, viza ikuletsa thandizo la boma, ana ali m'nyumba. Khomo limene banja lotere lingagogode ndi gawo 17 la Children Act yomwe ija, ku dipatimenti ya ana ya khonsolo. Thandizo limenelo siliwerengedwa ngati public funds, thandizo la boma lija viza imaletsa, ndipo khonsolo imalilipira yokha, Home Office siibwezera. Ndi bajeti yomweyo, antchito omwewo amene amasamalira mnyamata wa ku Sudan uja. Amene akufuula kuti khonsolo isiye kuwononga ndalama pa alendo sadzayamba afunsa kuti uyu anabwera pa boti kapena pa ndege ndi viza ya care.

Bajeti ya khonsolo amaivomereza mu Febuluwale kapena kuchiyambi kwa Marichi, ndipo mapepala ake amaikidwa pa intaneti kuti aliyense awerenge. Makhansala amakhalanso ndi tsiku lokumana ndi anthu a m'wodi mwawo. Pitani mukawafunse kuti chaka chino alandira zingati kuchokera ku Home Office pa anthu a asylum, azigwiritsa ntchito yanji, ndipo laibulale ija inkadya zingati pa chaka. Mukapeza mayankho mudzatiuze muno, ine ndikufuna kuwamva. Ndipo ngati muli ndi majekete a ana amene anawachepera, ndilembereni ku inbox, chifukwa ku holo kuja atithera.