Mvula yagwa kwa Mitundu, kwathu ayi: kodi a zanyengo amanama?

Mayi wina wa ku Nathenje wandilembera imelo ali wokhumudwa. Akuti pawailesi analengeza kuti m'chigawo chapakati mugwa mvula, ndipo kwa Mitundu inagwadi, koma kwawo ngakhale kadontho. Ndiye akufunsa: anthu olephera kudziwa za mawa pamudzi umodzi angadziwe bwanji za El Niño kudakali miyezi?

Mayi, zochitika zamumlengalenga zili ndi misinkhu, ndipo chachikulu sichisintha msanga. Mtambo wa mabingu umene umagwetsa mvula ya masana mu Januwale nthawi zambiri umangokula makilomita 10 kapena 20, ndipo pakatha ola limodzi kapena awiri waphwa. Pomwe uyambire pamatengera tinthu tating'ono: kaphiri, dambo lonyowa, malo amene dzuwa laotcha kwambiri tsikulo. Phala likamawira mumadziwa kuti lithovoka, koma simungaloze pomwe thovu lotsatira liphulikire. Mukamva kuti mvula igwa "mwa apo ndi apo", akunena zimenezi, sikuti akuzemba.

Namondwe ndi wamkulupo, makilomita mazanamazana. Freddy anakhala masiku 36 asanathe mphamvu, ndipo asanafike ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, njira yake inkaoneka kudakali masiku angapo. Komabe panalibe akanatchuliratu kuti matope atsika mbali iti ya phiri la Soche.

El Niño ndiye chimphona. Ndi kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific pamtunda wa makilomita masauzande, ndipo madzi ochuluka chotere satentha kapena kuzizira tsiku limodzi. N'chifukwa chake amaonekeratu patali. Zimene amatiuza ndi mbali imene nyengo yapendekera, osati za munda wanu. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba yobwera ndi El Niño, chonsecho masabata ochepa m'mbuyomo madzi anali atasefukira ku Dwangwa ku Nkhotakota. Kumpoto, zaka zotere, mvula imagwa bwino kawirikawiri.

Misinkhuyi imakokanakokana. Katswiri wa zanyengo wa ku America, Edward Lorenz, anaonetsa mu 1969 kuti kuphonya pang'ono pa tinthu tating'ono kumakula n'kusokoneza zazikulu, moti kulosera nyengo ya tsiku lenileni sikupitirira masabata awiri.

Ndiye posankha mbewu, yocha msanga kapena yochedwa, mverani ulosi wa dzinja lonse. Koma tsiku lodzala, ine ndingakumbe kaye m'munda n'kuona pomwe chinyezi chafika.