Poti kasinja ndi chitsulo, oyenda pansi ankawaphetseranji?

Bambo wina wa ku Ntcheu, mphunzitsi wopuma pantchito, wanditumizira imelo. Akuti anaona chithunzi chakale cha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kasinja ali patsogolo, asilikali akumutsata kulowa m'mudzi wophwasuka. Funso lawo nali: "Poti chinthucho n'chachitsulo ndipo chipolopolo sichiboola, ankavutikiranji kuphetsa ana a eni oyenda pansi? Bwanji osangotumiza akasinja okhaokha kuti akalande mudziwo?"

Zikomo bambo. Funso lanuli akuluakulu a nkhondo a masiku amenewo analimbana nalo zaka ziwiri zathunthu, ndipo yankho linawadyera anthu ambiri. Kasinja ankatha kulowa m'mudzi, koma kuugwira mudziwo sankatha. Anali ngati njovu yakhungu ndi yogontha, yofuna munthu woilondolera.

Tiyambe ndi mudziwo. Tikati mudzi, musaganize za nyumba zaudzu zotalikirana, mabwalo ndi nkhokwe ngati kwathu kuno. Midzi ya kumpoto kwa France inali ya nyumba zanjerwa zogundana mbali zonse za msewu, tchalitchi pakati, minda ya zipatso kuseri. Nyumba zambiri zinali ndi chipinda chokumba pansi chosungiramo zakudya ndi vinyo. Majeremani akalanda mudzi ankalimbitsa zipinda zapansizi ndi mitengo ndi konkire, n'kuikamo mfuti zachiwaya. Mizinga ya Angerezi ikagumula nyumba, zigumukirezo zimangosanduka denga lina lochindikala pamwamba pa adani. Mizinga ikangoleka, Majeremani ankatuluka ngati ngumbi, n'kutchera mfuti zawo. Kutsogolo kwa mudzi kunali ngalande zobisalamo ndi waya waminga woyalidwa mizere mizere. Pa 1 Julayi 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme, asilikali a Britain oposa 19,000 anafa tsiku limodzi lokha, ambiri mwa iwo pofuna kufika m'midzi yotereyi.

Kasinja anapangidwira vuto limeneli: aponde waya, awoloke ngalande, atseke pakamwa mfuti yachiwaya, kuti munthu wapansi adutse. Kuyambira pachiyambi anali wantchito wa asilikali oyenda pansi, osati wowalowa m'malo. Oyamba, otchedwa Mark I, anawakonza William Tritton wa kampani ya William Foster ku Lincoln pamodzi ndi Walter Wilson. Dzina lake la Chingerezi loti "tank", lotanthauza thanki yamadzi, analipereka dala kuti akazitape aziyesa kuti ndi zosungiramo madzi.

Tsopano talowani m'kati mwake mumve. Mark I ankalemera matani 28, ndipo pamalo abwino liwiro lake linali pafupifupi makilomita 6 pa ola, kutanthauza kuti inuyo mukathamangira minibasi mungamusiye kumbuyo. Pamalo okumbika ndi mabomba ankakwawa kuposa apo. M'katimo munkakhala amuna 8, ndipo anayi mwa iwo ntchito yawo inali kuyendetsa basi: mkulu wa gululo wogwira mabuleki, dalaivala, ndi awiri kumbuyo osintha magiya a tcheni cha kumanja ndi cha kumanzere. Injini inali pakatikati, m'chipinda chomwecho ndi anthu. Kutentha kunkafika madigiri 50, utsi unkakomola anthu, ndipo phokoso linali loti dalaivala akafuna giya ankamenya chitsulo ndi sipanala kenako n'kuonetsa zala. Kunja ankaona kudzera m'timing'alu. Zipolopolo zikamenya chitsulocho kunja, m'kati munkathetheka tizidutswa totentha tolasa kumaso, mpaka anthuwo anayamba kuvala zophimba nkhope zachikopa ndi timaunyolo. Wailesi munalibe. Pofuna kutumiza uthenga kwa akuluakulu ankatulutsa nkhunda pakabowo.

Ndiye mwati chipolopolo sichiboola. Pamenepa ndikutsutseni pang'ono, bambo. Chitsulo chake chinali cha mamilimita 6 mpaka 12. Chipolopolo wamba chinkalephera ndithu, koma Majeremani anali ndi zipolopolo za mtima wachitsulo cholimba zomwe zinkaboola, ndipo mzinga wa m'munda ukangolasa kamodzi, zonse zinkathera pompo, chifukwa petulo anali m'kati momwemo.

Tsiku loyamba akasinja kulowa pankhondo linali 15 Seputembala 1916, ku Somme komweko. Analipo 49, koma amene anafika poyambira anali 32. Enawo anawonongeka kapena kutitimira m'njira. Wotchuka pa onsewo ndi D17, yemwe anyamata ake ankamutcha Dinnaken, wotsogoleredwa ndi Stuart Hastie. Iyeyu analowa mumsewu waukulu wa mudzi wa Flers akuwombera nyumba uku ndi uku, asilikali a Britain a gulu lalikulu lotchedwa 41st Division akubwera pambuyo. Ndege ina inaona zimenezi kuchokera kumwamba, ndipo nyuzipepala za ku London zinaikometsa nkhaniyo, n'kulemba ngati gulu lonse la nkhondo linkaguba likukuwa mokondwa kumbuyo kwa kasinjayo. Mamveramvera a patali amakoma choncho. Pansi pomwepo asilikali anali atataya akuluakulu awo ambiri, anali obalalika, ndipo injini ya D17 inali itayamba kuvuta moti anabwerera. Amene anatsala m'mabwinjamo, kufufuza chipinda ndi chipinda, kukumba ngalande kuseri kwa mudzi n'kudikira kuti Majeremani abwerenso, anali anthu a miyendo iwiri. Tsiku lomwelo asilikali a ku Canada analanda Courcelette, ndipo kasinja wina wotchedwa Crème de Menthe anawathandiza pa fakitale ya shuga yomwe inali m'mbali mwa mudziwo.

Pali cholakwa china cha tsikuli chomwe anthu sachitchula kawirikawiri, koma kwa ine ndiye pagona nkhani. Asilikali akamapita kutsogolo, mizinga ya kwawo inkagwetsa mabomba patsogolo pawo ngati khoma loyenda, kuti mdani asadzutse mutu. Poopa kuphulitsa akasinja awo omwe, akuluakulu analamula kuti m'khomalo musiyidwe mipata, iliyonse pafupifupi mamita 90, modutsa akasinja. Nanga kasinja akafa m'njira? Mpata uja unkatsala wopanda bomba, wopandanso kasinja, ndipo mipatayo inalunjika dala pamalo olimba kwambiri a mdani. Asilikali amene anagwera m'mipata yotereyi anakumana ndi mfuti zachiwaya zomwe palibe anazikhudza. Anakhulupirira chida chatsopano kuposa msinkhu wake.

Patangopita masiku 11, pa 26 Seputembala, pafupi ndi mudzi wa Gueudecourt panaoneka mmene ntchitoyi imayenera kuyendera. Kasinja mmodzi yekha anayenda m'mphepete mwa ngalande ya Majeremani akuwombera m'katimo, asilikali oponya mabomba apamanja akumutsata pafupi, ndege ikuthira zipolopolo kuchokera kumwamba. Majeremani oposa 300 anakweza manja, pomwe Angerezi ovulala ndi akufa anali owerengeka pa zala. Koma phunziro la tsiku limodzi sililowa msanga m'mitu ya akuluakulu.

Ku Bullecourt, pa 11 Epulo 1917, mkulu wa nkhondo wa ku Britain Hubert Gough anatumiza asilikali a ku Australia kukathyola mpanda wa Hindenburg, mzere wolimba wa ngalande ndi waya wa Majeremani, popanda khoma la mabomba lija, ati akasinja 12 okha ndiwo aphwanye waya. Dzulo lake akasinjawo anali atachedwa m'chipale chofewa, anthu n'kugona panja pachabe. Tsiku lenilenilo ambiri anawonongeka kapena kulasidwa asanathandize kanthu. Anthu pafupifupi 3,000 a 4th Australian Division anafa, kuvulala kapena kugwidwa. Kuyambira pamenepo msilikali wa ku Australia ukamutchulira kasinja ankalavula.

Funso lanu lenileni, lotumiza akasinja patsogolo okha, linayankhidwa ku Cambrai mu Novembala 1917. Pa 20 mwezi umenewo Angerezi anatulutsa akasinja 476, mwa iwo 378 omenya nkhondo, ambiri atasenza mitolo ikuluikulu ya nkhuni yogwetsera m'ngalande kuti apeze powolokera. M'mawa umodzi anapita mtunda womwe pankhondo ya ku Ypres, ku Belgium, unawatengera miyezi, ndipo ku England analiza mabelu a matchalitchi. Koma pakati pa mzere wonsewo mudzi umodzi, Flesquières, unakana. Unali pamtunda, ndipo kuseri kwa mtundawo kunali mizinga ya Majeremani amene mkulu wawo anawaphunzitsiratu kuwombera chinthu choyenda. Akasinja ankatulukira pamwamba mmodzimmodzi, mimba ili poyera, n'kumalasidwa motsatizana. Asilikali a ku Scotland a 51st Division anali atatsalira kumbuyo, atapanikizidwa ndi mfuti zachiwaya za m'mudzimo. Olemba mbiri amakanganabe ngati mlandu uli pa mkulu wawo George Harper, yemwe ankafuna kuti anthu ake aziyenda motalikirako ndi akasinja. Ine sindimuweruza kwambiri, chifukwa kasinja amakoka moto wa adani ngati nyali ikoka ziwala, ndipo woyenda naye pafupi amapsa nawo. Komabe owombera mizinga aja anali anthu oima poyera. Pakanakhala amuna khumi a mfuti pambali pa kasinja aliyense, sakanaima nthawi yaitali. Mudziwo Majeremani anausiya okha usiku.

Ku Fontaine-Notre-Dame, masiku atatu pambuyo pake, zinafika poipa. Akasinja analowa m'misewu yopanikiza ya mudzi wosagumuka kwenikweni, oyenda pansi atatsekeredwa kunja. Mfuti za kasinja zinali m'nthiti ndipo sizinkatha kuloza m'mwamba, choncho Majeremani anakwera m'zipinda zapamwamba n'kumawombera padenga pomwe chitsulo n'chopyapyala. Ena ankamanga mabomba apamanja m'mitolo n'kuponya pansi pa matcheni. Ena ankangoyandikira mpaka kufika pomwe mfuti sizikanawapeza. Kasinja sangakwere masitepe, bambo. Sangatsike m'chipinda chapansi, sangagwire mkaidi, sangasiyanitse khoma lopanda kanthu ndi khoma lobisa anthu asanu. Dzuwa likamalowa petulo watha, anthu m'katimo aledzera ndi utsi, ayenera kubwerera. Mudzi umakhala wa amene wagonamo usikuwo.

Mukadzapita ku France, ku Flesquières kuli kasinja wina wa nkhondoyi, D51 Deborah, amene anakwiriridwa m'dzenje ndipo anafukulidwa mu 1998. Mabala a mizinga kutsogolo kwake akuonekabe.

Amene anamanga zonsezi pamodzi ndi John Monash, mkulu wa asilikali a ku Australia, yemwe ntchito yake ya masiku onse inali uinjiniya. Anapatsidwa mudzi wa Le Hamel, pafupi ndi Amiens, ndipo anthu oti aulande anali ochokera m'gulu lomwe lija linapsa ku Bullecourt. Chimene chimandigwira mtima n'choti asanakambe za mapu anayamba wachiritsa chidani. Anatengera asilikali kumalo ophunzirira, anawakweza m'akasinja atsopano a Mark V, omwe munthu mmodzi ankatha kuyendetsa, anawaonetsa akuponda waya ndi ngalande, anawasiya adye ndi kucheza ndi oyendetsawo. Analamula kuti pankhondopo kasinja azimvera mkulu wa oyenda pansi. Khoma la mabomba lisakhale ndi mipata, ndipo akasinja ndi anthu aziyenda limodzi kumbuyo kwake. Msilikali akaona pobisala mfuti yachiwaya, aziloza, kasinja apite akaponde.

Panalinso tinzeru tina. Masiku angapo nkhondo isanayambe, mizinga inkaponya utsi wosakaniza ndi mpweya wapoizoni m'bandakucha uliwonse, mpaka Majeremani anazolowera kuti utsi ukabwera avale zophimba kumaso. Tsiku lenilenilo anaponya utsi wokha, ndipo adani ambiri anapezeka atavala zophimbazo, osaona bwino. Ndege zinkauluka usiku wonse kuti phokoso lawo libise kulira kwa mainjini a akasinja akuyandikira. Pa 4 Julayi 1918, nthawi ya 3:10 m'bandakucha, akasinja 60 ananyamuka ndi asilikali a ku Australia komanso Amereka pafupifupi 1,000. Monash anawerengera kuti ntchitoyo itenga mphindi 90. Inatenga 93. Majeremani pafupifupi 1,600 anagwidwa. Musaganize kuti zinali zaulere: mbali ya Monash inataya anthu pafupifupi 1,400 akufa ndi ovulala, ndipo pamalo ena pomwe akasinja anasochera mumdima ndi utsi, anthu analanda ngalande ndi mabomba apamanja ndi mipeni ya kumfuti monga kale.

Ku Le Hamel kunalinso akasinja anayi omwe sanapite kukamenya. Anasenza waya, madzi, zipolopolo ndi mabomba, n'kukatula pomwe asilikali ankakumba ngalande zatsopano, katundu yemwe akanafuna anthu oposa 1,000 kuti amunyamule pamsana. Ndikawerenga zimenezi ndimakumbuka kwathu. Chaka chomwecho nkhondo yomweyi, imene agogo athu ankaitcha ya Chiwaya, inali ikuyendabe m'tchire la Mozambique, asilikali a King's African Rifles akulondola mkulu wa asilikali a Majeremani, Paul von Lettow-Vorbeck. Kumeneko kasinja sanapondeko. Chakudya, zipolopolo ndi zidutswa za mizinga zinkayenda pamitu ya amtengatenga, ndipo Nyasaland yokha inapereka amuna pafupifupi 200,000 ku ntchito imeneyo. Mwina ena a ku Ntcheu kwanuko, bambo, mukafunsa akuluakulu a m'mudzi angakutchulireni mayina awo.