Yureniyamu tili nayo, bwanji osapanga magetsi a nyukiliya?

Bambo wina wogulitsa nsomba ku Makawa wanditumizira imelo. Akuti magetsi akazima, chambo chimaolera m'furiji momwemo, ndiye akufunsa: popeza yureniyamu, yomwe ndi mafuta a nyukiliya, ilipo ku mgodi wa Kayelekera ku Karonga, bwanji dziko lino silimanga siteshoni ya nyukiliya, mwinanso kuno ku Mangochi komwe madzi ali mbwee?

Bambo, funso lanu si lachibwana, ndipo nyukiliya ili ndi ubwino wake: siyitulutsa utsi ngati malasha kapena dizilo, ndipo imagwira usana ndi usiku. Koma ine chimandiwopsa kwambiri ndi mtengo wake, kuposa ngakhale ngozi ya pa siteshoni ya nyukiliya ya Chernobyl mu 1986 ija.

Taonani ku America. Ku Vogtle, m'chigawo cha Georgia, anamanga mariyakita awiri, makina amene amatulutsa mphamvu ya nyukiliya. Poyamba ankati adya madola pafupifupi 14 biliyoni. Anamaliza mu 2023 ndi 2024, atachedwa ndi zaka 7, ndalama zitapyola 30 biliyoni. Ku Finland anayamba kumanga riyakita ya Olkiluoto 3 mu 2005, koma inayamba kugwira bwinobwino mu 2023. Zaka zonsezo ngongole ikubala chiwongoladzanja, babu ngakhale limodzi lisanayake. Amenewo ndi olemera. Nanga ife, amene ngakhale mafuta a galimoto timawafolera pamzere chifukwa cha kusowa kwa madola?

Palinso nkhani ya kukula. Riyakita imodzi yaikulu imatulutsa mamegawati pafupifupi 1,000, pomwe makina onse a EGENCO pamodzi safika 500. Mukumbukira Januwale 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira? Tinataya mamegawati pafupifupi 130 basi, koma dziko lonse linalira. Riyakita nayo imayimitsidwa kwa masabata angapo kuti asinthe mafuta ake. Tsiku limenelo tingapemphe moto kwa yani?

Za Kayelekerazo musadalirepo kwambiri. Chimene chimachoka kumeneko ndi ufa wosayengedwa mokwanira. Umayenera kupita kunja kukakonzedwa, ife nkudzaugulanso pamtengo wa eni mafakitale. Mgodiwo unatsegulidwa ndi kampani ya Paladin mu 2009, mtengo wa yureniyamu unagwa ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima ku Japan ya 2011 itachitika, ndipo pofika 2014 ntchito inayima.

Tsopano tibwere kunyanja, kumene inu mumadyera. Siteshoni yotere imamwa madzi ochuluka zedi oziziritsira makina, nkuwabweza ali ofunda. Pokoka madziwo imakokera limodzi mazira ndi tiana ta nsomba. Siteshoni ya nyukiliya ya Koeberg ku South Africa ili pagombe la Atlantic, nyanja yamchere yopanda malire. Yathuyi ili ndi khomo limodzi lotulukira, Shire, pompano pa Mangochi, ndipo madzi ake amatenga zaka zambirimbiri kuti asinthike. Choipa chikalowamo sichituluka msanga. Chambo chomwe chikusowa kale ku Malombe chija, tichiwonjezere mtolo wina?

Zinyalala zake nazo zimakhala zoopsa kwa zaka masauzande. A ku Finland achita kukumba ku Onkalo, mamita opitirira 400 pansi pa thanthwe, kuti azizikwirira. Kuno dzala la pamsika penipeni limatikanika.

Pa furiji yanuyo, ine ndingayang'ane kudzuwa, lomwe kuno limatiwotcha mwaulere. Sola ya ku Salima ya mamegawati 60 inayamba mu 2021, ndipo ya ku Golomoti ili ndi mabatire osungira magetsi. Mukandilemberanso, mundiuze kukula kwa furijiyo tiwerengere limodzi mapanelo.